Onse amati "zamveka" pa miting'i, koma ntchito siyenda: ndiyambire pati?

Funso: Ndili ndi zaka 34 ndipo miyezi 5 yapitayo adandikweza kukhala woyang'anira gawo lotumiza katundu pa kampani ina ku Kanengo. Ndimayang'anira anthu 14, omwe ndi madalaivala, makalaliki ndi osunga katundu. Atatu mwa iwo ndi aakulu kuposa ine, ndipo mmodzi ndi bambo amene adandiphunzitsa ntchito nditangoyamba kumene. Lolemba lililonse timakhala ndi miting'i, ndimafotokoza zoyenera kuchita, ndipo ndikafunsa ngati pali funso onse amati zamveka, koma pofika Lachinayi ntchito imakhala isadagwiridwe ndipo vuto ndimalimvera kwa kasitomala. Mwezi watha ndidapsa mtima n'kudzudzula kalaliki wina pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo kuchokera tsikulo anthu adangoti zii. Ndimaweruka 7 koloko usiku chifukwa chomaliza ntchito za anthu ena. Akuluakulu akuti ndiphunzire kusula anthu anga ngati kochi. Kodi ndiyambire pati, kapena ndingoyamba kulemba makalata a chenjezo? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, ndayamikira kuti mwalemba mosabisa mpaka kutchula tsiku limene mudapsa mtima, chifukwa oyang'anira ambiri amene ndimakumana nawo m'maphunziro amayamba ndi kundandalika zolakwa za anthu awo, zawo n'kuzisiya kunyumba. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza: makalata a chenjezo musawalembe panopa. Ali ndi nthawi yake ndipo ndifikako, koma zimene mwafotokozazi sizikuonetsa anthu 14 amwano kapena aulesi. Zikuonetsa anthu amene adaphunzira kuti njira yosavulaza yolankhulira ndi bwana ndi kuvomera, ndipo kalata ya chenjezo ingowatsimikizira kuti adaganiza bwino.

Mawu akuti "zamveka" m'maofesi mwathu satanthauza kuti munthu wamvetsa, ndipo satanthauzanso kuti wagwirizana nazo kapena kuti ntchitoyo ndi yotheka. Nthawi zambiri amangotanthauza kuti mawu anu afika m'khutu ndipo mwapatsidwa ulemu wanu. Tidaleredwa motero. Mwana akamalankhulidwa ndi wamkulu amayang'ana pansi, ndipo akabweza mawu timati alibe mwambo, kusukulu aphunzitsi akafunsa kuti "mwamva?" kalasi yonse imayankha "inde" pamodzi, ngakhale amene sadatolepo kanthu. Onjezerani apo kusowa kwa ntchito mumzinda muno. Dalaivala amene ali ndi lendi yoti alipire ku Mgona kapena ku Senti, ndi fizi ya ana pamwamba, akayerekeza phindu lokuuzani kuti dongosolo lanu silitheka ndi kuopsa kooneka ngati akukutsutsani pamaso pa anzake, amasankha kukhala chete, ndipo kumbali yake wasankha mwanzeru. Ulemu umenewu sindikuunyoza ayi. Koma popeza wamng'ono sangayambe yekha kutsutsa, udindo womumasula pakamwa umagwera amene wakhala pampando, ndipo tsopano ameneyo ndinu.

Vutoli si la kuno kokha, ndipo kwina lidatengapo miyoyo. Pa 27 Malichi 1977 ndege ziwiri za mtundu wa Boeing 747, ina ya KLM ina ya Pan Am, zidawombana pabwalo la ndege pachilumba cha Tenerife kuli chifunga, ndipo anthu 583 adamwalira. Woyendetsa ndege ya KLM adali mkulu wophunzitsa anzake pakampanipo, munthu wolemekezeka kwambiri. Atayamba kuthamangitsa ndege kuti inyamuke, injiniya amene adali naye adafunsa ngati ndege inayo idali itachoka kale mumsewu wonyamukira ndege, iye adayankha motsimikiza kuti idachoka, ndipo funsolo silidabwerezedwenso. Ngozi imeneyi ndi imodzi mwa zimene zidachititsa kuti makampani a ndege ayambe kuphunzitsa oyendetsa aakulu kumvera aang'ono, ndi aang'ono kukakamira akaona choopsa. Ku Kanengo simuyendetsa ndege, koma kalaliki amene waona kuti oda ya ku Kasungu yalembedwa molakwika n'kukhala chete akuchita zomwezo.

Yambani ndi miting'i ya Lolemba, ndipo chosintha choyamba chikhale chakuti inu muzilankhula pomaliza. Nzeru imeneyi sitikuibwereka kutali. Pabwalo la milandu kumudzi, mfumu siyamba ndi kunena maganizo ake. Odandaula amalankhula, mboni zimalankhula, nduna zimafunsa mafunso, ndipo mfumu imatsegula pakamwa zonse zitatuluka, chifukwa ikangoyamba ndiyo palibenso amene anganene chosiyana nayo. Inu mukayamba miting'i ndi mphindi 20 zofotokoza dongosolo lanu lonse, mwagamula kale, ndipo funso lakuti "pali funso?" limangokhala mwambo wotsekera. M'malo mwake nenani mwachidule chimene chikufunika sabata imeneyo, kenaka funsani funso limene silingayankhidwe ndi inde kapena ayi, monga lakuti, "Katundu wa ku Kasungu ndi ku Mchinji akuyenera kufika Lachitatu, n'chiyani chingatilepheretse?" Funso lotere likuvomereza kale kuti chopinga chilipo, choncho wochitchula sakukutsutsani, akungoyankha zimene mwafunsa. Yambani ndi aang'ono, aakulu atatu aja abwere pambuyo, pakuti nawonso akalankhula poyamba achinyamata amangotsata mapazi awo. Mukafunsa, dikirani. Bata la masekondi 10 limaoneka lalitali kwambiri kwa bwana watsopano, ndipo ambiri amadziyankha okha lisanathe, koma munthu amene wakhala zaka osafunsidwa maganizo amafuna nthawi yoti akhulupirire kuti mukufunadi yankho.

Samalaninso za chilankhulo. Miting'i zambiri mumzinda muno zimayendetsedwa m'Chingerezi chifukwa choti ndi mmene zimachitikira, pamene theka la anthu m'chipindamo amaganiza ndi kutsutsana bwino m'Chichewa. Dalaivala amene angakufotokozereni mwatsatanetsatane chifukwa chimene msewu wina suyendeka ndi lole yodzaza nthawi ya dzinja sangayerekeze kutero m'chilankhulo chimene akuopa kusekedwa nacho. Malipoti alembedwe m'Chingerezi ngati kampani imafuna choncho, koma zokambirana zichitike m'chilankhulo chimene anthu amamasuka nacho. Ndipo musanabalalike, aliyense amene wapatsidwa ntchito anene yekha ndi pakamwa pake chimene achite ndi tsiku limene amalize, inu n'kulemba pabolodi. Kuti zisaoneke ngati mukuyesa ana a sukulu mayeso, cholakwacho chiikeni pa inu nokha ponena kuti, "Ndikufuna ndione ngati ndafotokoza bwino, tandiuzani mmene muyambire." Mudzadabwa kuona kuti kangati zimene munthu wamva zimasiyana ndi zimene mumaganiza kuti mwanena.

Zonsezi zidzayesedwa tsiku limene munthu woyamba adzalimbe mtima n'kukubweretserani nkhani yoipa, ndipo pano ndilankhule zimene zidandichitikira. Zaka zapitazo ndidali woona za ogwira ntchito pa bungwe lina ku City Centre, ndipo tsiku lina tidatuma dalaivala wathu kukapereka zikalata zofunika zimene zidali ndi tsiku lotsekera. Zidabwezedwa chifukwa tsamba limodzi lidalibe siginecha. Nditamuitana, adaima pakhomo chipewa chili m'manja n'kundiuza kuti adaona malo opanda siginechawo pamene ndinkaika mapepala mu envelopu. Ndidamufunsa chifukwa chimene sadanenere, ndipo adayankha motsitsa mawu kuti, "Paja mudandiuza kuti ntchito yanga ndi kuyendetsa galimoto." Ine ndidali nditaiwala, koma iye adakumbukira tsiku lake: miyezi ingapo m'mbuyomo adayesa kundiuza kuti ndandanda ya maulendo siidali bwino, ine ndili wotanganidwa ndidamudula ndi mawu amenewo. Chiganizo chimodzi chidatseka pakamwa pa munthu amene ankaona zambiri kuposa ife okhala m'maofesi, ndipo zidandipweteka chifukwa cholakwa chidali changa. Choncho munthu akadzabwera n'kunena kuti katundu wa kasitomala wasokonekera, mawu anu oyamba akhale othokoza kuti wanena msanga, achiwiri akhale ofunsa chimene chingachitike tsopano, ndipo za amene walakwa zidikire mpaka moto utazima. Anzake 13 adzakhala akuyang'ana nkhope yake potuluka mu ofesi yanu, ndipo zimene adzaonepo ndi zimene zidzawauze ngati nawonso angabwere.

Tsopano za ukochi umene akuluakulu anu akunena. Mukapita ku Bingu National Stadium kukaonera mpira, kochi amaima kunja kwa mzera, ndipo ngakhale osewera ake aphonye chotani iye salowa m'bwalo kukamenya yekha mpirawo. Inu pakali pano mukulowa m'bwalo madzulo aliwonse mpaka 7 koloko, ndipo ngakhale mukutero chifukwa chokonda ntchito, phunziro limene anthu anu akutolapo n'lakuti chosamalizidwa chili ndi mwini wake womalizitsa. Kusula munthu pantchito ndi kumuthandiza kuti aganize yekha mpaka apeze njira, m'malo momupatsa yankho lophikaphika. Njira yodziwika kwambiri yochitira zimenezi imatchedwa GROW, ndipo adaifalitsa ndi John Whitmore wa ku Britain m'chaka cha 1992. Mutu wake ndi kufunsa motsatana za kumene munthu akufuna kufika, pamene ali panopa, njira zimene zilipo, ndi chimene watsimikiza kuchita.

Tiyerekeze ndi kalaliki amene mapepala ake otumizira katundu amachedwa. Mwakhala naye awiriwiri, foni mwaiika mu dirowa, ndipo mwamufunsa kuti iye angakonde kuti pofika kumapeto kwa mwezi mapepalawo aziyenda bwanji. Mwina ayankha kuti azikhala okonzeka 8 koloko m'mawa kuti magalimoto asamaime pageti. Mukatero mufunse chimene chimachitika kwenikweni kuyambira oda ikafika mpaka galimoto ituluke, ndipo apa ndi pofunika kukhalitsa, chifukwa ndi pamene mudzamve zimene sizinenedwa pa miting'i: kuti maoda ena amafika kuchokera kwa ogulitsa 4 koloko madzulo, kuti pulinta imene amagwiritsa ntchito ndi imodzi ndi a ku akaunti, kuti magetsi akathima jenereta siifika ku ofesi yake. Zina mwa izi si zolakwa zake n'komwe, ndipo mukadalemba kalata ya chenjezo mukadalanga munthu chifukwa cha pulinta. Kenaka funsani njira zimene iye waganizapo, ndipo akatchula imodzi funsaninso kuti, "Ina?" kawiri kapena katatu musanaike yanu, pakuti yoyamba imakhala imene akuganiza kuti mukufuna kumva. Pomaliza agwirizane nanu chimene ayambe nacho, tsiku lake, ndi chimene akufuna kuchokera kwa inu, ndipo chimene mwalonjezacho muchichitedi, chifukwa mukalonjeza kulankhula ndi a ku akaunti za pulinta n'kuiwala, kukumana kwachiwiri kudzakhala kopanda mutu. Mphindi 20 pa munthu aliyense kamodzi pa masabata awiri ndi zokwanira, ndipo kwa anthu 14 ndi maola osakwana 5, ochepa kuposa amene mukutaya madzulo sabata imodzi yokha.

Ndichenjeze kuti mafunso si mankhwala a nthenda iliyonse. Mnyamata amene wangolembedwa kumene ntchito ndipo sadziwa kudzaza fomu musamufunse kuti akuganiza bwanji. Muonetseni, achite inu mukuona, kenaka mumusiye. Lole ikafa pamsewu wa M1 ili ndi katundu wa anthu, lamulani momveka, zokambirana zibwere mawa.

Nkhani ya pa WhatsApp siidzatha yokha, ndipo ndikukupemphani kuti muikonze sabata ino. Mudadzudzula pagulu, choncho kupepesa kwamseri kokha sikukwanira. Yambani mwaonana ndi kalalikiyo pambali, kenaka pa miting'i nenani mwachidule kuti vuto la mapepala lidali loona koma njira imene mudalinenera idali yolakwika, ndipo simudzabwerezanso. Ena adzakuuzani kuti bwana akapepesa amapeputsidwa. Ine pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndaona zosiyana: anthu amadziwa kale kuti mudalakwa, chimene akudikira ndi kuona ngati inu mukudziwa. Kuyambira pamenepo gulu la WhatsApp likhale la zidziwitso ndi kuyamikira, kudzudzula kuzichitika pamaso ndi pamaso. Ndipo kudzudzulako kukhale pa ntchito, osati pa munthu. M'chaka cha 1996 akatswiri awiri, Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi, adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wokhudza kuuza anthu mmene akugwirira ntchito, ndipo adapeza kuti pa maulendo oposa umodzi mwa atatu alionse kuuzidwako kudachititsa kuti ntchito iipireipire, makamaka pamene mawuwo adatembenuzira maganizo a munthu pa iye mwini m'malo mwa ntchitoyo. Mukanena kuti "ndinu wosasamala", munthu amathera mphamvu zake podziteteza. Mukanena kuti "Lachiwiri pepala la oda ya ku Dedza lidatuluka lopanda nambala ya galimoto, ndipo dalaivala adaima pageti maola awiri, chidachitika n'chiyani?", mwamupatsa chinthu chimene angachigwire n'kuchikonza. Kuyamikira nakonso kutchule chinthu chenicheni, chifukwa "mwagwira bwino nonse" sauza aliyense chimene ayenera kupitiriza.

Za bambo amene adakuphunzitsani ntchito, musadikire kuti nkhaniyi idzilongosole yokha. Nonse awiri mukudziwa kuti zinthu zasintha, ndipo kukhala ngati simukuona kumangokulitsa mtunda. Pitani komwe amagwirira ntchito, osawaitanira ku ofesi yanu, ndipo muwauze mosapita m'mbali kuti simudaiwale amene adakugwirani dzanja, kuti mukufuna kuti akaona mukulowera kuchigwembe akutsineni khutu, koma kuti chigamulo chikapangidwa mudzafuna kuti aime nanu pamaso pa achinyamata. Pitirizani kuwatchula ndi ulemu umene mudawapatsa kale. Kukwezedwa sikukuchotserani mwambo, ndipo ulemuwo sukuchepetsa udindo wanu. Apatseni gawo looneka, monga kusula olembedwa kumene, pakuti luso limenelo ali nalo ndipo inu ndinu umboni wake. Chimodzi chokha musachite: musawasandutse khutu lanu lomvera zimene anzawo akunong'onezana, chifukwa mukatero mudzawadanitsa ndi gulu, ndipo zonse zimene mukumanga pa miting'i zidzagwa. N'kuthekanso kuti iwo kapena ena mwa aakuluwo adayembekeza mpando umenewu ndipo mtima sudawapole. Zimenezo simungazichotse ndi mawu, ndipo zina mudzangozipirira, paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tibwerere ku makalata a chenjezo. Mukachita zonsezi kwa miyezi iwiri kapena itatu, anthu ambiri adzasintha, koma n'kutheka kuti mmodzi kapena awiri adzapitiriza kulephera ngakhale akudziwa chofunika, ali ndi zipangizo, ndipo athandizidwa. Pamenepo chilango chili m'malo mwake, ndipo kuchizemba ndi kulakwira amene akulimbikira. Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, mu gawo 56, limalola olemba ntchito kupereka chilango monga chenjezo lolemba, kuimitsa kaye ntchito kapena kutsitsa paudindo ngati pali chifukwa chomveka. Gawo 57 limati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chovomerezeka, komanso kuti ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayenera kupatsidwa kaye mwayi woyankhapo. Nkhani ikapita ku ofesi ya zantchito, imene ambiri timangoti ku Leba, kapena ikafika ku khoti la Industrial Relations Court, ndi olemba ntchito amene amayenera kuonetsa chifukwa chake ndi kuti adachita mwachilungamo. N'chifukwa chake mukhale ndi kope lolembamo tsiku la kukumana kulikonse, zimene mudagwirizana ndi thandizo limene mudapereka. Koma musasakanize ziwirizi. Kukumana kosula munthu kukhale kosula munthu, ndipo tsiku limene nkhani yasanduka ya chilango mumuuze momveka, mutsate ndondomeko ya kampani pamodzi ndi oona za ogwira ntchito, kuti anthu asayambe kuopa mphindi 20 zija ngati msampha.

Ngati akuluakulu anu ali okonzeka kukulipirirani maphunziro a utsogoleri, landirani. Sukulu ya Malawi School of Government ili ndi nthambi ku Kanengo komweko, pamene kale padali Malawi Institute of Management (MIM). Koma pali chinthu china chimene muyenera kukambirana nawo musanayambe, chifukwa chikhoza kukusokonezani nonse. Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard, pofufuza zolakwika pa kaperekedwe ka mankhwala m'zipatala m'zaka za m'ma 1990, ankayembekeza kuti magulu a anamwino otsogoleredwa bwino adzakhala ndi zolakwika zochepa m'mabuku. Adapeza kuti ndi amene adali ndi zambiri zolembedwa, ndipo atafufuza mozama adaona kuti chidawasiyanitsa ndi kumasuka kwawo kunena zolakwikazo, pamene magulu oopa mabwana awo ankazibisa. Zomwezo zidzachitika kwa inu. M'masabata oyamba, mavuto ofika patebulo panu adzachuluka, ndipo bwana wanu akangoona chiwerengerocho angaganize kuti gawo lanu lasokonekera kuposa kale. Muuzeni pasadakhale, ndipo mugwirizane kuti muziwerenga zinthu ziwiri padera: mavuto amene mwamva kuchokera kwa anthu anu katundu asanatuluke pageti, ndi mavuto amene mwamva kuchokera kwa kasitomala. Lachisanu lililonse lembani manambala awiriwo m'kope lija, ndipo pakatha miyezi itatu mupite nawo kwa bwana wanu, pamodzi ndi nthawi imene mwakhala mukuweruka.